Kashopu ka mabuku akale ku Old Town komwe ndinapeza matayimutebulo a sitima za nthawi ya Nyasaland

Amene mumandidziwa mukudziwa kale kuti ine nkhani ya sitima za pamtunda ndimaikonda kuyambira ndili mwana, makamaka timabuku takale tija tosonyeza nthawi yomwe sitima ikunyamuka ndi kufika pa siteshoni iliyonse. Ndakhala ndikutolera matayimutebulo amenewa kwa zaka ndithu koma zonse zomwe ndinali nazo ndi zithunzi za pa intaneti zochita kupulinta, pepala lenileni lakale ndinali ndisanaligwirepo m'manja. Ndiye mwezi watha mnzanga wina amene amagulitsa masipeyala a njinga zamoto cha ku Malangalanga anandiimbira kuti aise tabwera, kuno kuli madala ena ali ndi makatoni a mapepala a njanji, ndawaona ndi maso angawa. Loweruka lake lomwelo ndinakwera minibasi kuchokera ku Area 25 nkukatsikira ku depoti, ndipo chiyambireni tsiku limenelo ndapitako kanayi. Ndati ndilembe zomwe ndaona, zabwino ndi zomwe zinandiwawa zomwe, kuti wina akafuna kupita adziwiretu.

Kashopuko kalibe dzina, pakhomo anangolemba ndi penti kuti mabuku akale, photocopy ndi laminating. Mukawoloka mlatho wa Lilongwe kulowera mbali ya kumsika waukulu, kali mukanjira kena kakumbuyo pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Panja amangoyala mabuku a sukulu, mapepala a mayeso akale a MSCE ndi JCE, mabaibulo ndi mabuku a nyimbo za kutchalitchi, moti munthu wongodutsa sangaganize kuti mkatimo muli kanthu kena. Mkati ndi mothina, mumamveka kafungo ka fumbi ndi mapepala oti anagwirapo chinyezi, ndipo magetsi akathima mumada ndithu mpaka kuyatsa tochi ya foni. Eni ake ndi bambo achikulire, aimvi mutu wonse, olankhula mofatsa, ndipo kumakina a photocopy kumakhala mdzukulu wawo.

Nditawauza chomwe ndabwerera anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Mwanawe, anzako amabwera muno kufuna mabuku a mayeso, iwe ukufuna nthawi ya sitima yoti inasiya kuyenda kalekale?" Ndinati eya madala, ndi zomwezo ndabwerera. Anandipatsa kampando nkuuza mdzukulu uja kuti atsitse makatoni awiri omwe anali pamwamba pa shelefu. Akuti anawagula ku Limbe kwa ana a munthu wina amene anagwira ntchito ya njanji moyo wake wonse, atamwalira anawo amafuna kukonza m'nyumba, ndipo madalawa akanapanda kutenga bwenzi mapepala onsewa atathera kukulungira mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya. Pa chokhacho ndimawavulira chipewa. Ku Limbe ndi komwe kunali likulu la Nyasaland Railways, ndiye nditangomva dzina la malowo mtima unayamba kugunda, ndinadziwa kuti mukatonimo simungalephere kupezeka chinachake.

Ndipo chinapezekadi. Pansi pa malisiti ndi makalata akale panali kabuku kopyapyala ka Nyasaland Railways ka m'zaka za m'ma 1950, chikuto chake chinafwifwa, timawaya togwira masamba tija tinachita dzimbiri mpaka kusiya mabanga ofiirira pakati pa peji iliyonse. Pepala lake ndi lofewa ngati nsalu yakale, ukalitembenuza mwachangu likhoza kukuthera m'manja. Mayina a masiteshoni ali pamzere umodzi kutsika m'munsi, pambali pake mtunda m'mamailosi, kenako nthawi yofika ndi yonyamuka ndi masiku a sabata omwe sitimayo imayenda, chifukwatu si tsiku lililonse pomwe pamakhala sitima ya anthu. Pafupi ndi Balaka mwini wake anachonga ndi pensulo, kachizindikiro kakang'ono basi, ndinakayang'ana nthawi yaitali ndikuganiza kuti kaya amapita kukaona ndani kumeneko.

Chinthu choyamba chomwe ndinachita ngati mwana wa kuno nkufufuza dzina la Lilongwe. Ndinayika chala pa Port Herald, komwe pano timati Nsanje, nkumayenda nacho: Chiromo, Sankhulani, Luchenza, Limbe, Blantyre, Lirangwe, Utale, Balaka, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka, Chipoka, Salima. Basi njanji yathera pomwepo. M'mutu ndinkadziwa kale kuti zili choncho koma kuziona papepala la nthawi imeneyo ndi nkhani ina, mzinda wonse uno womwe lero tikuuti likulu la dziko, wa ma Area osawerengeka ndi ma jam a pa Mchesi, pa mzere wa masiteshoni palibepo. Njanji inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald mu 1908, inafika ku Salima mu 1935, nkukhala pamenepo zaka zoposa 40. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975 njanji isanafikebe. Inadzafika mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, nkupitirira ku Mchinji mu 1980, ndipo kachigawo kolumikiza Mchinji ndi Chipata kanadzatsegulidwa mu 2010. Ndiye aliyense wotolera matayimutebulo a pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adziwe kuti akufunafuna mapepala a nthawi yomwe munthu wa ku Lilongwe amayenda kaye pafupifupi makilomita 100 kuti akangoiona sitima.

Apa mpomwe nkhaniyi imandikhudza ine. Agogo anga aamuna obereka mayi, kwawo ku Nathenje, anapita ku Halale ali mnyamata kukagwira ntchito ngati anzawo ambiri a nthawi imeneyo, ena amapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a fodya kudzera ku Mthandizi, mabungwe omwe ankalemba anthu ntchito zakunja, ena osabwerakonso omwe timawatcha matchona. Iwo anabwerako, ndipo tili ana ankatiuza kuti anakwera lole mpaka ku Salima, kugona pa siteshoni, nkukwera sitima yomwe inawoloka mlatho wautali kwambiri moti amaona ngati sufika kutsidya. Ife tinkangomvera ngati nthano. Tsiku limenelo mukashopu muja ndinatha kuulondola ulendo wawo ndi chala, siteshoni ndi siteshoni, ndipo mlatho ankanenawo ndi wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Mutarara ndi Sena ku Mozambique, wotalika makilomita opitirira atatu ndi theka, womwe unatsegulidwa mu 1935. Usanamangidwe anthu ndi katundu amatsika sitima pa Chindio nkuwoloka pamadzi kukakwera ina kutsidya.

Ubwino wa katoni imeneyi ngwakuti munalinso kabuku ka Rhodesia Railways ka nyengo yomweyo ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963. Kutolera matayimutebulo kumakoma ukakhala ndi awiri oti uwayike pambalipambali, limodzi lokha limangokuuza theka la ulendo. Lathuli limakutenga kuchokera ku Salima kutsika kummwera, kudutsa Port Herald, kulowa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi, nkuyenda pa njanji ya Trans-Zambezia Railway yomwe inatsegulidwa mu 1922 mpaka pa Dondo pafupi ndi Beira. Pa Dondo mpomwe njanji yathu imakumana ndi yochokera ku Beira kupita ku Umtali ndi Salisbury, pano ndi Mutare ndi Harare. Ndiye umatseka kabuku koyamba nkutsegula kachiwiri, nkuyamba kuwerengetsera kuti munthu akafika tsiku lakuti nthawi yakuti, sitima yolowera ku Rhodesia adikira mpaka liti. Ukayang'ana pa mapu, Lilongwe ndi Harare sizitalikirana kwambiri ukadzera ku Dedza ndi Tete ngati mmene mabasi amachitira masiku ano, koma pa njanji munthu amazungulira mpaka kukayandikira nyanja ya mchere kenako nkubwerera kumtunda. Njanjiyi anaimangira fodya, tiyi ndi thonje kuti zikafike ku doko la Beira, anthu amangotsatira komwe katundu akupita.

Madala aja anakhala nane pamenepo, magalasi ali pamphuno, tikuwerengera limodzi. Sanandithamangitse olo pang'ono ngakhale ndinatseka kanjira konse ndi mapepala, makasitomala a photocopy amachita kundilambalala. Nditawauza za agogo anati, "Bambo anganso anadutsa momwemo, ankati kalasi yathu inali ya mabenchi a matabwa, ukafika msana wonse uli phwanyuphwanyu." Peji ya mitengo imasonyezadi makalasi osiyana, ndalama zake mapaundi, mashiling'i ndi mapeni, ndipo ngakhale papepalapo angolemba manambala tonse tikudziwa amene amakhala mu bogi ya mipando yofewa nthawi ya atsamunda ndi amene amathithikana kumbuyo ndi mitolo yawo.

Kumapeto kwa kabuku kathu kuli mbali ya sitima za panyanja, pakuti kampani ya njanji yomweyo ndi imene inkayendetsanso sitima za pa nyanja ya Malawi, ndipo pa Chipoka mpomwe njanji imakumana ndi doko. Ilala yomwe tikuidziwa leroyi inayamba kuyenda mu 1951, inapangidwa ku Scotland nkubwera zidutswazidutswa kudzaimangira kuno. Inabwera pambuyo pa ngozi ya Vipya yomwe inamira mu 1946 cha ku Florence Bay nkupha anthu oposa 140. Mayina a madoko alembedwa mwachitsamunda, Kota Kota, Nkata Bay, Deep Bay komwe ndi ku Chilumba. Munthu wa ku Karonga wopita ku Blantyre amadalira kuti nthawi ya sitima ya pamadzi igwirizane ndi ya pamtunda, ndipo izi umaziona bwinobwino masamba awiriwa ukawayang'ana pamodzi.

Mapepala ena mukatonimo ndi ongothothoka, opanda chikuto, opanda chaka. Madala amangowaika mtengo umodzi onse koma kwa wotolera si ofanana, ndiye ndikuuzeni mmene ine ndimadziwira zaka zake. Poyamba onani dzina la kampani, ngati palembedwa Malawi Railways ndiye kuti ndi la pambuyo pa ufulu wa 1964. Kenako mayina a malo, Port Herald kapena Nsanje. Kenako ndalama, kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, ndiye pepala la mashiling'i ndi la kumbuyo kwa chaka chimenecho. Ngati pali nthambi yochokera pa Nkaya kudutsa Liwonde kupita ku Nayuchi, yolowera ku doko la Nacala, pepalalo silingakhale la kumbuyo kwa 1970. Ndinapeza limodzi lolembedwa Malawi Railways, la mashiling'i, lopanda Nayuchi, ndiye ndinadziwa kuti ndi la pakati pa 1964 ndi 1970 popanda wondiuza. Madala anasangalala nazo kwambiri mpaka anatenga bolopeni nkulemba njira imeneyi kuseri kwa katoni.

Chomvetsa chisoni ukamayerekeza mapepala a zaka zosiyana nchakuti njanji itangofika kuno mu 1979, zaka zochepa zotsatira nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala yomwe, mlatho wa Dona Ana unaonongedwa, kenako mu 1997 madzi osefukira anadula njanji cha ku Chiromo. Masiteshoni omwe agogo anadutsa kummwera kuja ambiri anangosanduka mayina a papepala. Pa Kanengo lero ukaona sitima ndi ya katundu, ine chibadwire sindinakwerepo sitima ya anthu mumzinda uno.

Munalinso za ku Britain, kaya mwini wake anazipeza kwa azungu omwe ankagwira nawo ntchito. Bradshaw imodzi, buku la matayimutebulo a sitima za ku Britain, yonenepa ngati baibulo, zilembo zake zing'onozing'ono zofuna maso akuthwa, buku limeneli linasiya kutuluka mu 1961 ndiye lenileni lililonse lomwe mungalipeze ndi la chaka chimenecho kapena kumbuyo kwake. Panalinso timabuku tiwiri ta British Railways, kampani ya boma yomwe inayamba mu 1948, kena ka m'ma 1950 kena ka kumapeto kwa m'ma 1960, ta chigawo chimodzi. Ukatiyika pamodzi umaona masiteshoni ang'onoang'ono ambirimbiri atasowa m'kachiwirika, chifukwa cha lipoti la Richard Beeching la 1963 lomwe linati masiteshoni oposa 2,000 atsekedwe. Izi ndinangozisanthula pang'ono nkuzibwezera, thumba silikanakwanitsa ndipo mtima wanga unali pa zathu.

Za mitengo, palibe chomwe chamatidwa mtengo, zonse nzokambirana. Madala sadula mopanda chifundo koma akaona kuti chinthu wachikonda amakwezako, ndiye musaonetse mano msanga. Timabuku tiwiri tija, ka Nyasaland Railways ndi ka Rhodesia Railways, anayambira pa K30,000, tinagwirizana K22,000, mapepala othothoka amapanga K1,500 limodzi. Kwa ine ndi mtengo wabwino poganizira kuti zoterezi ukazipeza pa intaneti zimagulitsidwa m'mapaundi, kuwonjezapo kutumiza. Amalandira kashi komanso ndalama za pafoni. Ngati simukufuna kugula amalola kuchita photocopy pamtengo wa masiku onse, koma kujambula ndi foni amafuna upemphe kaye, zomwe ndikuona kuti nzoyenera.

Tsopano zomwe zinandiwawa. Ulendo wachiwiri ndinasiya pepala la Malawi Railways lija kuti mdzukulu andichitire scan nkunditumizira pa WhatsApp, pakuti magetsi anali atathima. Ndinanena momveka kuti scan yokha basi. Nditabwera Lachiwiri ndinapeza walichita laminate, ati amafuna lisang'ambike. Abale, ndinakhala chete kwa kanthawi ndithu. Pepala lakale likalowa m'makina otentha aja pulasitiki imamatirira mpaka kalekale, sungaichotsenso osang'amba, ndipo manambala ena omwe analembedwa ndi pensulo m'mphepete anachita mbuu, komanso m'mbali anadulako ndi sizasi kuti likwane bwino. Pepala loti lapirira zaka zoposa 50 linaonongeka m'mphindi ziwiri. Mnyamatayo sanachite mwadala, anazolowera ma certificate ndi ziphaso, kwa iye kuchita laminate ndi kusamala chinthu. Madala anapepesa kwambiri, anati "Mwanawe tilakwira, tenga lina m'malo mwake," nkundibwezera ndalama ya scan ndi kundipatsa pepala lina ulere. Ndinalandira ndipo sindinawasungire mangawa, koma linalo silinali lofanana ndi lija. Ndiye langizo langa, musasiye pepala lanu lakale kuti mudzalitenge mawa, imani pomwepo mpaka alichotse pagalasi nkukupatsani m'manja.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Makatoni aja ali pansi penipeni pa malata, ndipo pakona imodzi denga limadontha, pansi pa katoni yachiwiri pali mapepala omwe anamatana nkuchita nkhungu, ena njenjete zinaboola timabowo, ndipo pakhoma la kumbuyo ndinaona kanjira ka chiswe. Masamba ong'ambika amawamata ndi selotepi, yomwe pakapita zaka imasanduka yachikasu nkusiya banga losachoka. Ndinawagulira timapepala ta pulasitiki toika m'mafayilo tija paketi imodzi, nkuwapempha kuti atsitse makatoniwo pamalo ouma mvula isanayambe. Ulendo wachinayi ndinapeza ayamba kuikamo ena, ndiye amamva ndithu akauzidwa. Nthawi yotsegula nayonso siyodalirika, tsiku lina ndinafika 9 koloko m'mawa nkupeza potseka, telala wa pambali ndi amene anandiuza kuti apita kumaliro. Lamulungu satsegula. Nthawi yabwino ndi Loweruka m'mawa kusanatenthe, ndipo tengani kansalu kopukutira m'manja ndi kotseka pamphuno ngati fumbi limakuvutani.

Kodi ndingamuuze munthu kuti apiteko? Eya apite, makamaka aphunzitsi a history ndi ana a sukulu omwe amaloweza za njanji ya Shire Highlands, ija yochokera ku Port Herald kufika ku Blantyre, osaonapo pepala lake, komanso aliyense amene kwawo kuli nkhani ya agogo omwe anapita ku Halale kapena ku Joni. Mu Lilongwe muno ine sindinapezepo malo ena omwe ungakhale pansi nkugwira zinthu zoterezi ndi manja ako, ndipo eni ake nkumakuthandiza kuwerenga. Zoti mupirire ndi fumbi, mdima magetsi akathima ndi kusowa kwa dongosolo, muyenera kufukula nokha katoni yonse.

Sabata yatha ndinatenga photocopy ya peji ya masiteshoni ija kupita nayo ku Nathenje. Mayi anavala magalasi awo nkuyamba kuwerenga mokweza kuyambira pa Salima kutsika, atafika pa Sankhulani anaima nkunena kuti dzina limeneli bambo awo ankalitchula, akuti sitima inaima pamenepo nthawi yaitali ndipo anagula nthochi pawindo ndi peni yomaliza yomwe anali nayo m'thumba la malaya. Nkhani imeneyi ine ndinali ndisanaimvepo. Pepalalo analipinda bwinobwino nkuliika m'baibulo lawo, ndiye ndiyenera kukapangitsa lina.

Katoni yachiwiri sitinaifike pansi, madala akuti m'munsimo muli mapepala ena olembedwa Chipwitikizi omwe akuganiza kuti ndi a njanji ya ku Beira. Ngati ndi choncho ndiye kuti chigawo chapakati cha ulendo wa agogo, kuchokera pa Dondo kukafika kumalire a Rhodesia, chipezeka. Ndawauza kuti asagulitse ndipo asalole kuti alowe m'makina a laminating, ndikubwera Loweruka ndi paketi ina ya timapulasitiki.